Chigamba pa Dzanja la Bambo

Ntchito yanga ndi yokonza makanema pa kompyuta, ndipo gawo lalikulu la ntchitoyo ndi kuchotsa zimene anthu sakufuna kuti zioneke. Wina ajambula kanema wotsatsa nsapato, kumbuyo kwake galu n'kudutsa. Wina akuthokoza alendo pa ukwati, pakona apo amalume ake oledzera akuvina okha. Onsewa amandipeza m'kachipinda kanga kuseri kwa shopu yosindikiza mapepala, n'kundiuza kuti, "Mungochotsako aka basi," ngati akunena za kachitsotso kogwera m'tiyi.

Njira zake ndi ziwiri. Chosafunikacho chikakhala m'mphepete, ndimadula m'mbali mwa chithunzi, chotsalacho n'kuchikulitsa kuti chidzaze sikirini. Chikakhala pakati, ndimafufuza kamphindi kamene malowo anali phee, n'kutengapo kachidutswa, n'kukamata pamwamba pa choyendayendacho. Ine ndimachitcha chigamba, chifukwa sichisiyana ndi cha pa thalauza. Chikasokedwa bwino, munthu sadziwa kuti pansi pake pali chiboo.

Makasitomala ovuta ndawaona ambiri, koma wopambana onse analowa tsiku lina masana osagogoda, foni ya amayi ili m'thumba la malaya. Anali bambo anga.

Bambo ndi ometa tsitsi. Anthu a mumsewu wawo amawatcha a Mzere, chifukwa akakuwongolera tsitsi pamphumi, mzere wake umakhala ngati ayezera ndi lula. Dzinalo amalikonda kuposa lawo lenileni. Koma chaka chatha dzanja lawo lamanja linayamba kunjenjemera. Poyamba ankati ndi mashini ometera, akalamba. Tinawagulira atsopano. Kenako anati ndi tiyi. Atasiya tiyi anati ndi kuzizira, mwezi umene anthu tinkagona mawindo otsegula. Tsiku limene anacheka khutu la mwana wa kasitomala wawo wakale, amayi anawakokera kuchipatala chapafupi ngati mbuzi yokana msika. Anamwino anati dokotala wa matenda otero ali kuchipatala chachikulu, kutali, ndipo anthu omudikira ndi ambiri. Amayamba waona kanema wa manja a wodwalayo, akaona kuti m'pofunika ndiye amamuitana. Kanema wa bambo ankafunika kufika pa foni ya anamwino tsiku limene bambo anandipezali, anamwinowo asanaweruke, apo ayi tidikirenso miyezi.

"Iwe, ukonze ichi," anatero bambo akuika foni pa tebulo ndi dzanja lamanzere. "Amayi ako ajambula zosalongosoka."

"Sichifunika kukonza, bambo. Tingotumiza."

"Waona kale?"

Ndinali ndisanaone. Ndinamukokera mu kompyuta, bambo n'kudzitengera mpando wa makasitomala, n'kukhala pafupi kwambiri moti ndinkamva fungo la sipiliti wawo wopukutira makosi. Chipewa anachiika pa bondo, dzanja lamanja n'kulilowetsa pansi pake.

Kunena zoona, amayi anajambula ngati munthu woyamba kugwira foni. Bambo anakana kutseka shopu, ndiye zonse zinachitikira momwemo. Iwo akhala pa mpando wometera, kumbuyo kwawo galasi lalikulu, m'mbali galasi lina laling'ono. Kumanzere chitseko chili pululu, katani ikuuluka, anthu akudutsa mumsewu, ena n'kusuzumira. Fani ikutembenuza mutu uku ndi uku. Pa TV pali mpira. Pa benchi pali Aphunzitsi, mkulu wopuma ntchito amene amabwera kudzameta ndevu n'kukhala tsiku lonse, akusinza, mutu ukugwa n'kudzuka. Pamwamba pa zonsezo mawu a amayi akuwerenga zimene anamwino ananena: ikani manja pa mawondo, tambasulani manja, nyamulani kapu ya madzi, osati choncho inu, mukutani kodi.

Ndipo pakati penipeni pa chipwirikiticho, dzanja la bambo lili pa bondo, chala chachikulu chikutikita chinzake osapuma.

"Yamba ndi chitsekocho," anatero bambo. "Adokotala safuna kuona anthu a mumsewu."

Apo sindinatsutse. Ndinakoka malire a chithunzi kuchokera kumanzere, chitseko ndi katani yake zinapita.

"Aphunzitsinso achoke. Anthu aziti shopu yanga ndi chipinda chogona alendo."

"Ali pafupi ndi phewa lanu, ndikadula ndidula ndi inu nomwe."

"Nanga sukulu ija unkaphunzira chiyani?"

Ndinafufuza kamphindi kamene Aphunzitsi anadzidzimuka n'kutsegula maso, ndinatenga kameneko n'kukamata. Tsopano anakhala tsonga, maso tong'o, osaphethira mpaka kanema kutha, ngati munthu woona mzukwa. Bambo anati ndi bwino, akuoneka ngati kasitomala wodikira mwaulemu. Fani ndinaiimitsa itayang'ana kukhoma. Mpira ndinauimitsa wosewera wina mwendo uli m'mwamba. Mawu a amayi anandiuza kuti ndiwatsitse, poti akumveka ngati wailesi yosowa wotseka. Zonsezi ndinachita ndikuyang'ana nthawi pakona ya sikirini, kuseri kwa khoma makina osindikiza akugunda gu gu gu ngati akundithamangitsa.

"Basi, tatumizani tsopano," ndinatero.

"Latsala dzanja."

Ndinatembenuka n'kuwayang'ana. Sankaseka.

"Bambo, kanemayu ndi wa dzanjalo."

"Wansapato uja unamuchotsera galu. Unandionetsa wekha, ukunyadira."

"Galu uja sankapita kuchipatala!"

"Usandikwezere mawu, iwe. Ndikudziwa chimene ndikunena." Anakonza chipewa pa bondo paja. "Adokotala akaona zimenezi anena chiyani? Ati siyani mashini. Amayi ako akangomva, mashini anga akawatsekera m'kabati, makiyi n'kumangirira m'chiuno. Mawa lake msewu wonse wadziwa. Ndiye ine ndizitani? Ndizikasinza pa benchi ya mnzanga ngati Aphunzitsi? Ungolikhazika chete, adokotala ayankhe kuti palibe vuto, amayi ako andisiye ndipume."

"Nanga khutu la mwana uja?"

"Mwana ujayo anatembenuka yekha."

Ndinati sindichita. Iwo anati palibe kanthu, pakona pa msewu pali wina wokonza makanema, sadzafunsa mafunso ngati wapolisi. Anatambasula dzanja lamanzere kuti atenge foni. Ndimamudziwa wapakonayo, akanawachitira mosangalala n'kutumiza yekha. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Akanakhala kasitomala wamba ndikanamuonetsa khomo, koma awa ndi bambo anga, ndipo akanatuluka muno ndi mkwiyo, kuchipatala kuja sakanapondako ngakhale atawanyamula. Ndinaganiza zowatopetsa. Ntchito ya chigamba ndi yotopetsa kuonerera, ndipo bambo sachedwa kunyong'onyeka.

Ndinalakwitsa masamu. Munthu amene amatha theka la tsiku akuwongola ndevu za mnzake sanyong'onyeka ndi zinthu zing'onozing'ono.

Kupeza kamphindi kamene dzanjalo linali phee kunandiimitsa mutu. Ndinayenda chithunzi chimodzichimodzi, kupita kutsogolo, kubwerera, mpaka ndinakapeza pamene anangotsitsa kapu n'kubweza dzanja pa bondo, lisanayambirenso. Ndinalizungulira mosamala, chala ndi chala, ndinafewetsa m'mphepete kuti msoko usaoneke, n'kumata. Nditayendetsa kanema, dzanja linali zii pa bondo.

"Eyaa!" anatero bambo akumenya tebulo. "Waona? Dzanja la a Mzere ndi limenelo."

Ndisaname, nanenso ndinamva kukoma pang'ono, chifukwa chigambacho chinali chaukhondo. Koma maso anga anazolowera kuyang'ana m'makona. Ndinaloza galasi laling'ono la m'mbali lija. Mmenemo dzanja linkanjenjemera ngati kale, osadziwa kuti mnzake wamangidwa.

"Mata pamenepo," anatero.

Ndinamata. Titaonanso, nsalu yoyera imene anaiyala pa mawondo inkagwedezeka yokha pansi pa dzanja losayenda, ngati muli mbewa. Ndinamata. Kenako kunali kakuwala kochokera pa wotchi yawo, kakuvina pa khoma pamwamba pa mutu wa Aphunzitsi. Kameneko anakaona okha, ine ndisanakaone, n'kundikodola paphewa.

"Ako, ako. Ukugona?"

"Ndakaona, bambo."

"Ukanakaona ukanakachotsa."

Ndinaluma mano. Pa ntchito yanga chinthu choyenda sichiyenda chokha, chimakoka mthunzi wake, chimagwedeza zoyandikana nazo, chimadzionetsa m'chilichonse chonyezimira. Ndimawauza makasitomala zimenezi tsiku lililonse, ndipo ambiri amamva. Bambo ankangoona ngati ndi tsitsi lotsalira kuseri kwa khutu, loti ungodutsitsapo mashini kamodzi.

Foni yanga inalira. Anali amayi, pa foni ya oyandikana nawo nyumba.

"Mwatumiza?"

"Tikukonza pang'ono."

"Mukukonza chiyani? Ine ndajambula bwinobwino, manja onse akuoneka. Bambo ako ali pompo?"

Bambo ankapukusa mutu mwamphamvu, akundilozera kuti ndinene kuti atuluka.

"Alipo," ndinatero.

"Usawamvere amenewo. Wandimva? Anamwino aja akaweruka, ndidzakufunsa iweyo, osati iwo. Ine zandikwana. Usiku bedi lonse limachita kugwedezeka, iwo ati ndi magalimoto a mumsewu."

Anadula. Bambo anandiyang'ana ngati ndawagulitsa.

"Mwana wamkazi ndi wa amayi ake ndithu," anatero. "Tiye, kwatsala kapu."

Kapu ndiye inandimaliza. Dzanja likamakwera kupita kukamwa silingamatidwe ndi chigamba chokhala malo amodzi, chimayenera kulitsatira, ndipo madzi m'kapumo ankachita mafunde, ena kudonthera pa malaya. Ndinawafotokozera. Anati ndidule gawo lonse la kapu. Ndinati anamwino anachita kunena kuti kapu ikhalepo. Anati ndiye ndiimitse madziwo. Ndinafunsa ngati akufuna ndiwasandutse ayezi. Anati ndisachite nawo chipongwe.

Mwini shopu yosindikiza anasuzumira pakhomo kudzabwereka chingwe chotchajira foni. Bambo anawongola msana nthawi yomweyo, n'kumupatsa moni wautali, kufunsa za ana, za mkazi, n'kumuuza kuti tsitsi lakula adutse Loweruka. Thupi lawo lonse analipendeketsa kuti litchinge sikirini. Munthuyo atatuluka, anatsamira kumbuyo n'kuiwala, dzanja lamanja lija n'kuliika pa chotsamira cha mpando wanga. Ndinalimva pamsana, kunjenjemera kwakung'ono kosalekeza, kodutsa m'thabwa. Mkwiyo wanga unasakanikirana ndi chisoni, ndipo zimenezo zinandikwiyitsa kwambiri, chifukwa ndinkafuna kukwiya basi.

Nthawi inali itapita. Dzuwa linali litafika pa windo langa la kumadzulo, limene limandikakamiza kutseka katani. Pa kanema panali zigamba zambiri moti kompyuta inayamba kulemedwa, fani yake ikulira ngati njuchi. Ndinati timuonere yense kuyambira poyamba.

Poyamba zinayenda bwino. Bambo ali pa mpando mwaulemu, dzanja lili chete, Aphunzitsi ali maso. Kenako mawu otsika a amayi anati tambasulani manja. Bambo a pa kanema anakweza mikono yonse iwiri kutsogolo, manja awiri ali m'mwamba, ndipo pa bondo panatsala dzanja lachitatu, lodukira pa wotchi, litagona mwamtendere.

"Ichi n'chiyani?"

"Ndi chigamba. Ndinaiwala kuchiuza pothera."

"Ndinakutumiza kusukulu kuti uzindipatsa manja atatu?"

Pamenepo chingwe cha kuleza mtima kwanga chinaduka. Ndinakankha mpando n'kuimirira.

"Bambo, kuyambira masana ndikumata, kumata, kumata! Ndamata galasi, ndamata nsalu, ndamata khoma, ndamata Aphunzitsi osalakwa kanthu! Ndikamata apa zikutulukira apo. Manja atatuwo ndikhoza kukonza, koma mukatambasula mikono zala zikunjenjemeranso m'mwambamo, ndipo pamenepo palibe kamphindi kabata ngakhale kamodzi koti nditengepo chigamba. Palibe! Sindingasoke nsalu imene kulibe. Inu munthu akabwera ndi dazi mumamumeretsa tsitsi?"

Makina a kuseri kwa khoma anali atasiya kugunda, ndipo ndinadziwa kuti mwini shopu wamva zonse. Bambo sindinawakalipirepo chibadwire. Ndinayembekezera kuti aimirira n'kutenga foni yawo. Iwo anangoyang'ana sikirini, akuganiza ngati mmene amaganizira mutu wovuta asanauyambe.

"Wadazi timamumeta mpala," anatero modekha. "Dula zonse. Manja, kapu, magalasi, zonse zichoke. Usiye nkhope yokha. Dokotala weniweni amaona kunkhope ngati munthu akudwala. Aone kuti ndili bwino."

"Anapempha manja."

"Uwauze kuti amayi ako anajambula molakwika. Akhulupirira."

Ndinakhala pansi. Mumtima ndinati chabwino, nkhope akufunayo aione, kenako ine ndiimbire amayi abwere adzathane nawo okha. Ndinachotsa zigamba zonse mokwiya, chimodzi ndi chimodzi, ntchito ya masana onse n'kupita. Ndinagwira malire a chithunzi n'kuwakokera m'kati, pansi mpaka pakhosi, m'mbali mpaka m'makutu. Mapewa anapita, magalasi anapita, Aphunzitsi anapita. Kankhope kamene kanali kakang'ono pakati pa shopu ndinakakulitsa mpaka kudzaza sikirini yonse, imvi za m'mbali ndi makwinya a pamphumi zonse poyera.

"Ndi imeneyo nkhope yanu," ndinatero, n'kuyendetsa kanema.

Bambo a pa sikirini ankayang'ana kutsogolo, atatseka pakamwa, akudikira kuti amayi amalize kulankhula. Maso anali phee. Mphumi inali phee. Koma chibwano chinkanjenjemera. Kunali kunjenjemera kwakung'ono, kofulumira, kokoka ndi mlomo wapansi womwe, kosiya kamphindi akameza malovu n'kuyambiranso. Pa kanema wamkulu uja sikunkaoneka, chifukwa nkhope inali yaing'ono ndipo tonse maso anali pa dzanja.

Ndinamusiya kuti apite mpaka kumapeto.

"Kompyuta yako ndi imene ikuchita zimenezo," anatero bambo, koma mawu awo analibe mphamvu.

"Ayi, bambo."

"Ndiye amayi ako sanagwire bwino foni."

"Foni ikagwedezeka, mphuno ndi makutu zimagwedezeka limodzi. Taonani, zili chete."

"Bwezera."

Ndinabwezera. Anasendera pafupi mpaka mpweya wawo kuchita nthunzi pa sikirini. Ine ndinasiya kuyang'ana kanema n'kuyang'ana iwo. Masana onse anali pambali panga, ndipo sindinawayang'ane kunkhope mofatsa ngakhale kamodzi. Chibwano chawo chenicheni chinkachita chimodzimodzi. Ndinachita mantha, mantha enieni, oposa amene ndinachita tsiku la khutu lija.

Anakweza dzanja lamanzere n'kugwira chibwanocho ndi nsonga za zala, monga amagwirira cha kasitomala akafuna kuti asatembenuke.

"Ine ndimameta ndevu pamenepa m'mawa uliwonse," anatero. "Pagalasi. Sindinaonepo."

"Mukamameta mumalimbitsa pakamwa."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Amayi ako akudziwa?"

"Sindikudziwa. Sananenepo."

"Chigamba chingatheke pamenepo?"

"Chingatheke," ndinatero, chifukwa sindinafune kuwanamiza. "Koma nkhope yonse ikhala youma mpaka kanema kutha. Simuphethira, simumeza, simuyankha amayi akakufunsani."

Sanandiuze kuti ndimate. Anayang'ana windo, pamene kuwala kunali kutayamba kufiira m'mphepete mwa katani, kenako anandifunsa nthawi imene anamwino amaweruka. Ndinati yatsala pang'ono.

"Woyamba uja, wa amayi ako, unamuwononga?"

"Woyamba sindimukhudza. Ndimagwirira ntchito pa kope."

"Ali mmene analili? Ndi chitseko chomwe?"

"Ndi chitseko chomwe."

"Tumiza ameneyo."

Ndinatsegula kanema wa amayi, wopendekeka, waphokoso, ndinamuika pa uthenga wopita kwa anamwino. Ndisanadinde, bambo anandigwira pamkono.

"Utumizenso uyu wa nkhopeyu," anatero. "Pa winayo sizikuoneka bwino. Adokotala angaphonye."

Ndinatumiza onse awiri, nditayamba ndapukuta m'maso kuti ndione bwino nambala ya anamwino.